Konzani za munda ndi ng'ombe zanu mudakali moyo

Tikamayendera alimi ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, nkhani zathu zimakhala za feteleza ndi mbewu ya kachewere. Lero tikambe za munda womwewo mwini wake akatisiya. Ndaonapo dimba lachonde likugonera chaka chathunthu chifukwa amalume ndi mayi wamasiye akulimbirana, ana akugula chimanga pamsika.

Kuno ku Mozambique nthaka ndi ya boma ndipo sigulitsidwa. Chimene muli nacho inu ndi ufulu woigwiritsa ntchito, uja timati DUAT. Lamulo la malo la mu 1997 limalola kuti ufuluwu ukhale cholowa, ndipo silisankha mwana wamwamuna kapena wamkazi. Limavomerezanso munda umene munaupeza mwa mwambo wa makolo, kapena umene mwaulima mosaba kwa zaka 10, ngakhale mulibe pepala. Umboni wapakamwa wa anthu a m'mudzi umamveka. Vuto ndi lakuti mboni zimakalamba, zina zimapita ku Moatize kukafuna ntchito osabwerako. Ndiye mukatha kukolola, itanani amfumu, ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi amene mwachita nawo malire. Yendani m'malire monse ana akuona, mubzale mitengo m'ngodya, ndipo wodziwa kulemba alembe zimene mwanena, onse asaine. Za kalata ya DUAT mukafunse ku ofesi ya zaulimi ya m'boma lanu.

Abambo, mvetsani bwino apa. Kuyambira pa lamulo la cholowa la mu 2019, mkazi kapena mwamuna wotsala amakhala patsogolo pamodzi ndi ana. Abale anu amabwera pambuyo. Ngakhale amene sanalembetse ukwati, ngati anakhala limodzi ngati banja kupitirira zaka zitatu, lamulo limawawerengera, koma kulembetsa ku Registo Civil, ofesi ya boma yolembetsa maukwati ndi kubadwa kwa ana, kumachepetsa milandu. Ana onse ndi ofanana, wa m'nyumba ndi wa kunja yemwe. Ngati alipo amene mayi a kunyumba sakumudziwa, muululeni nokha, asadzatulukire pasiwa.

Kaya muli pa chikamwini kaya mkazi munamutenga chitengwa, nenani poyera kuti nyumba ya malata, ngolo ndi ng'ombe zimene munagula awiri ndi zayani, ndipo zamtundu ndi ziti. Mikangano yambiri imayambira pa kusakaniza ziwirizi.

Mukafuna kuti mawu anu akhale ndi mphamvu pa khoti, pitani kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo, mukalembetse testamento, imene anzathu a ku Dedza ndi Ntcheu amati wilo. Musaganize kuti mungapereke zonse kwa mphwanu mmodzi wokondedwa. Lamulo limasungira ana ndi mnzanu wa m'banja gawo lawo, inu mumagawa momwe mufunira chotsalacho.

Mapepala nawo asungidwe pamodzi, m'pulasitiki, poti chiswe sichifika: zitupa za BI, makalata a kubadwa a ana, risiti ya njinga yamoto. Mnzanu adziwe kuti kubanki, ku M-Pesa kapena ku e-Mola muli ndi ndalama, adziwenso ngongole zanu, kuphatikizapo ya zipangizo za fodya. Kubanki sadzapereka kanthu popanda kalata ya imfa ndi chikalata chotsimikiza olandira cholowa.

Mayi wamasiye amene akuopsezedwa kuti achoke pamunda asathamangire kunyamula katundu. Ayambe kwa amfumu kapena ku bwalo la m'mudzi, zikakanika apite ku IPAJ, kumene osowa ndalama amathandizidwa pa milandu kwaulere.