Mfundo za GPS zikagwera ku Sudan

Ophunzira anga a chaka chachiwiri adatola mfundo za GPS (manambala osonyeza malo) m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi ku Lilongwe, koma titaziika mu QGIS, pulogalamu yopangira mapu, zonse zidakagwera ku Sudan! Tidasintha CRS (dongosolo limene pulogalamuyo imawerengera manambala a malo) kangapo, tidaikanso pulogalamuyo mwatsopano, osaphula kanthu.

Vuto linali m'fayilo ya Excel. Lilongwe ili kumwera kwa equator, choncho latitude yake imayamba ndi minus: -13.9, osati 13.9. Ophunzirawo pokopera manambala m'kope adangosiya chilembo S (choimira kumwera), minus osaika. Ndidaonjezera column, n'kuchulukitsa latitude iliyonse ndi -1, kenako ndidasunga fayiloyo ngati CSV (mtundu wa fayilo umene QGIS imawerenga). Poilowetsanso mu QGIS, X ndi longitude, Y latitude, CRS EPSG:4326. Mfundo zonse zidabwerera kumtsinje. Ndalama sitidaonongepo, koma kalasi ya masana yonse idathera pomwepo.