Momwe mungapangire maakaunti pa webusayiti ya PHP kuti anthu asamangotulutsidwa ali mkati mwa ntchito

Fomu yolowera ndi ntchito ya ola limodzi: bokosi la nambala ya foni, bokosi la pasiwedi ndi batani. Chimene chimadya masiku ndi zomwe zimachitika munthu atalowa kale. Mphunzitsi akulemba magiredi a ana 60, wadina batani losungira, webusayiti yamubwezera patsamba lolowera, magiredi onse apita. Apa pasiwedi ilibe mlandu, chalakwika ndi session, njira imene seva imakumbukirira munthu amene walowa. Njira ili m'munsiyi ndi ya PHP ndi MySQL pa hosting yogawana ya cPanel, komwe masistimu ang'onoang'ono a masukulu, ma SACCO ndi mabungwe amakonda kuikidwa. Za kuika XAMPP ndi kupanga database sitikambapo, tikungoti munazichita kale.

1. Tebulo la anthu

Likhale ndi id, foni, imelo, pasiwedi, udindo ndi tsiku lolembetsa. Kuno kwathu anthu ambiri amaloweza nambala ya foni kuposa imelo, choncho alowe ndi foni. Koma munthu mmodzi yemweyo lero alemba 0999, mawa +265999, mkuja aika mipata pakati. Musanasunge, chotsani mipata yonse ndi chizindikiro cha +, nambala ikayamba ndi ziro chotsani ziroyo n'kuika 265 kutsogolo, kenako ikani UNIQUE pa kolamu imeneyo. Mukapanda kutero mudzapeza mayi mmodzi ali ndi maakaunti atatu, ndalama zake zili mwa imodzi, iye akulowa mwa ina.

Nambala ya foni isungeni ngati VARCHAR. Kolamu ya INT imathera pa 2147483647, pamene nambala yoyamba ndi 265 ili ndi manambala 12, ndiye siikwanamo.

2. Pasiwedi

Gwiritsani ntchito password_hash posunga ndi password_verify poyerekeza, basi. Zimenezi zinabwera mu PHP 5.5 m'chaka cha 2013, ndiye palibe chowiringula chogwiritsirabe md5 kapena sha1. Mukasankha PASSWORD_DEFAULT, PHP imagwiritsa bcrypt, yomwe imatulutsa zilembo 60 ndipo imadziikira yokha salt, zilembo zachisawawa zimene zimasakanizidwa ndi pasiwedi. Kolamu ya pasiwedi ikhale VARCHAR ya 255. Mukaipatsa 50, seva yosakhwimitsidwa imangodula zotsalazo mwakachetechete, ndipo aliyense amakanidwa kulowa ngakhale pasiwedi ili yolondola. Dziwaninso kuti bcrypt imangowerenga ma byte 72 oyambirira, choncho ikani malire pautali wa pasiwedi.

Chenjezo pang'ono pa ma script okonzedwa kale amene anthu amagulitsana motchipa m'magulu a WhatsApp, aja otchedwa "nulled". Musanaike, tsegulani fayilo yolembetsera anthu mufufuze mawu oti md5. Fufuzaninso eval ndi base64_decode m'mafayilo onse. Mukapeza mzere wautali wa zilembo zosawerengeka ukudutsa m'zimenezi, nthawi zambiri limenelo ndi khomo lakuseri la amene anaba script ija. Ndalama mwapulumutsazo mudzazibweza kangapo tsiku limene kasitomala adzapeze webusayiti yake ikutsatsa njuga.

3. Kulowa

Funsani database kudzera mu PDO ndi prepared statement, musamatire zomwe munthu walemba mu SQL. Akalakwitsa, uthenga ukhale umodzi: "Nambala kapena pasiwedi sizolondola." Mukamuuza kuti nambala ilipo koma pasiwedi ndiyo yalakwika, mwamuthandiza wakuba theka la ntchito. Werenganinso maulendo olakwitsa: akalephera ka 5, adikire mphindi 15. Kuwerengako kukhale mu database, osati mu session, chifukwa wakuba amangotaya cookie n'kuyambiranso.

4. Session, pomwe zinthu zimasokonekera

Intaneti siikumbukira kanthu. Tsamba lililonse limene browser yapempha, seva imaliona ngati la mlendo. Ndiye session_start imachita ziwiri: imalemba kafayilo pa seva kosunga zoti uyu ndi ndani, ndipo imapatsa browser cookie yotchedwa PHPSESSID yokhala ndi nambala ya kafayiloko. Zili ngati kanambala kamene amakupatsani mukasiya chikwama pakhomo la shopu. Kanambala kakatayika, kapena chikwama chikachotsedwa pa shelefu, mwatulutsidwa. Mavuto ambiri a session ali mwa ziwirizi.

Choyamba ndi cookie yosafika n'komwe. Cookie imatumizidwa mu header, ndipo header iyenera kupita chilembo china chilichonse chisanatuluke. Mpata umodzi pamwamba pa `<?php`, mzere wopanda kanthu pansi pa `?>` mu config.php, kapena BOM, ma byte atatu osaoneka amene mapulogalamu ena olembera amaika kumayambiriro kwa fayilo ya UTF-8, zonsezi zimabweretsa uthenga uja woti "headers already sent". Chopweteka n'chakuti pa laputopu yanu zonse zimayenda bwino, chifukwa php.ini ya XAMPP imakhala ndi output_buffering pa 4096, ndiye ma byte oyambirirawo amasungidwa kaye. Pa hosting pomwe buffering yazimitsidwa, ndiponso display_errors yazimitsidwa, simuona uthenga uliwonse. Munthu amangolowa n'kubwezedwa. Yang'anani mu fayilo ya error_log, imatchula fayilo ndi mzere pomwe chilembocho chinatulukira. Ikati mzere 1, nthawi zambiri ndi BOM. Sunganinso fayiloyo ngati UTF-8 yopanda BOM, ndipo siyani kutseka mafayilo a PHP yokhayokha ndi `?>`.

Chachiwiri, ndipo ichi ndi chomwe chinadya magiredi aja: session.gc_maxlifetime. PHP imabwera ili pa masekondi 1440, kutanthauza mphindi 24. Nthawiyi imawerengedwa kuchokera pomwe kafayilo ka session kanakhudzidwa komaliza. Munthu amene akulemba fomu yaitali sakupempha tsamba lililonse, choncho kwa seva iye wachoka. Pakatha mphindi 24 kafayilo kake kali m'gulu la zinyalala. Sikachotsedwa pomwepo ayi, kamadikira wosesa, pulogalamu yofufuta mafayilo akale a session, adutse, n'chifukwa chake vutoli limaoneka ngati lamasalamusi: lero wakhala ola lathunthu osatulutsidwa, mawa mphindi 30 zokha watuluka.

Ambiri akadziwa zimenezi amaika ini_set kukweza nthawi kufika 7200, n'kuona kuti palibe chasintha. Zifukwa zilipo ziwiri. Ngati mawebusayiti angapo akusunga ma session mufoda imodzi, wosesa woyambitsidwa ndi webusayiti ina amagwiritsa nthawi ya webusayiti imeneyo, ndipo amasesa mafayilo onse osafunsa mwini wake. Amene ali ndi nthawi yaifupi ndiye amalamulira onse. Chifukwa china n'chakuti masevala ena sasiyira PHP ntchito yosesa. Pa Debian ndi Ubuntu pali cron, ntchito yodziyendera yokha pa nthawi yoikika, imene imayenda kawiri pa ola, pa mphindi 9 ndi 39, ndipo imawerenga nthawi kuchokera mu php.ini ya seva. Zomwe mwalemba mu ini_set siiziona n'komwe.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi foda yanuyanu. Mu File Manager pangani foda, tinene sessions, kunja kwa public_html, muipatse chilolezo cha 700. Kunja kwa public_html n'kofunika kwambiri: ikakhala mkati, aliyense angathe kuwerenga ma session a anzake kudzera pa browser. Kenako, session_start isanaitanidwe, ikani izi:

`session_save_path('/home/akaunti_yanu/sessions');`
`ini_set('session.gc_maxlifetime', 7200);`
`ini_set('session.gc_probability', 1);`
`ini_set('session.gc_divisor', 100);`

Mizere iwiri yomalizayo musaidumphe. Pa seva imene imadalira cron, gc_probability imakhala pa 0, ndiye foda yanu yatsopanoyo sipadzakhala woisesa. Mafayilo adzachulukana mpaka adzakwanitsa malire a ma inode, kutanthauza chiwerengero cha mafayilo chololedwa pa phukusi lanu, kenako imelo ndi ma upload zidzayamba kukana. Ogulitsa hosting ena amalemba "unlimited" m'zilembo zazikulu koma malire a ma inode amawabisa kumunsi, funsani musanalipire. Mukaika 1 ndi 100, kusesa kumachitika pafupifupi kamodzi pa mapempho 100 aliwonse.

Mizere yonseyi ikhale mufayilo imodzi imene tsamba lililonse limaitana. Tsamba limodzi lokha likaitana session_start palokha, lidzayang'ana mufoda yakale, silidzapeza kanthu, ndipo munthu adzaoneka ngati sanalowe patsamba limenelo lokha.

Popeza wosesa sadalirika pa nthawi, malire enieni muwerenge nokha. Sungani nthawi ya pempho lomaliza mu $_SESSION, muiyerekeze ndi time() patsamba lililonse. Pa sistimu ya ndalama mphindi 15 mpaka 30 zakwana, ya magiredi ingafike maola awiri. Pamasamba a mafomu aatali, ikani ka JavaScript kogogoda seva mphindi 5 zilizonse, koma pamasamba amenewo okha.

Chachitatu ndi malangizo akale oti session muimangirire ku IP ya munthu kuti isabedwe. Kwa anthu olowa pa data ya foni zimenezi zimangozunza. IP imasintha netiweki ikaduka n'kubwerera, munthu akachoka pa WiFi ya kuofesi kupita pa bandulo yake, kapena akasintha SIM. Komanso makasitomala ambiri a kampani imodzi ya mafoni amatulukira pa IP imodzi, ndiye chitetezo chake n'chochepa. Isiyeni.

Chachinayi, session_regenerate_id. Iitaneni kamodzi pasiwedi ikangovomerezedwa, kuti nambala imene munthu anali nayo asanalowe ithe ntchito. Zimenezi zimatseka chinyengo choti wakuba akupatseni nambala ya session yodziwa iye, inu mulowe nayo, iye n'kulowa pambuyo panu. Ikaninso session.use_strict_mode pa 1, chifukwa imabwera ili pa 0, ndipo ili choncho PHP imalandira nambala iliyonse imene browser yabweretsa. Koma musamasinthe nambala patsamba lililonse. Pa netiweki yodukaduka, seva imafufuta nambala yakale, yankho lonyamula yatsopano limafera panjira, foni imatsala ndi nambala yakufa. Buku la PHP lenilenilo limachenjeza za zimenezi.

Cookie yeniyeniyo ipatseni zinthu zitatu kudzera mu session_set_cookie_params: httponly kuti JavaScript isaiwerenge, secure kuti iziyenda pa HTTPS pokha, ndi samesite pa Lax, yomwe inabwera mu PHP 7.3. Mukaika secure webusayiti ilibe setifiketi ya HTTPS, palibe amene adzalowe. Setifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere, imakhala masiku 90 ndipo imadzikonzanso yokha pa hosting yabwino, ndiye wina akamakulipiritsani padera chaka chilichonse pa setifiketi wamba, mufunseni chomwe mukulipira. Sankhaninso adilesi imodzi, ya www kapena yopanda www, ina ija izitumiza kumeneko kudzera mu .htaccess. Kwa browser awa ndi malo awiri osiyana, cookie ya kwina siipita kwinako.

Kanthu komaliza pa session: PHP imakhoma kafayilo kaja mpaka script ithe. Lipoti lotenga masekondi 40 likamayenda, masamba ena onse a munthu yemweyo amangozungulira kudikira. Itanani session_write_close mukangomaliza kuwerenga zomwe mukufuna, lipoti lisanayambe.

5. Maudindo ndi CSRF

Kubisa batani si chitetezo. Tsamba lililonse la akuluakulu liyambe ndi kufunsa database udindo wa munthuyo, kuti amene wachotsedwa ntchito m'mawa asapitirize kulowa masana ndi session yakale. CSRF ndi chinyengo choti webusayiti ina itumize fomu m'dzina la munthu amene walowa iye osadziwa, choncho pa fomu iliyonse yosintha zinthu ikani token, nambala yachinsinsi yopangidwa ndi random_bytes, muisunge mu session, muiyerekeze ndi hash_equals.

6. "Ndikumbukireni"

Musaike id kapena pasiwedi mu cookie. Pangani token ya ma byte 32, cookie itenge tokeniyo, database isunge sha256 yake ndi tsiku lothera, tinene masiku 30. Bokosili lisakhale lochongedwa kale, chifukwa foni imodzi imagwiritsidwa ntchito ndi banja lonse ndipo kompyuta ya mu staff room ndi ya aliyense.

7. Woiwala pasiwedi

Njira yake ndi yomweyo: token, sha256 mu database, ithe pakatha mphindi 30, igwire kamodzi. Imelo zochokera pa mail ya PHP zimakonda kugwera mu spam, tumizani kudzera pa SMTP. Ya SMS anthu amaikonda koma uthenga uliwonse mumalipira ndinu, ndiye ikani malire a mauthenga 3 pa ola pa nambala imodzi, apo ayi wina adzakumalizirani ndalama zonse usiku umodzi. Pasiwedi ikasintha, fufutani ma token onse a "ndikumbukireni" a munthuyo.

8. Kutuluka

Khuthulani $_SESSION, fufutani cookie poipatsa tsiku lakale, itanani session_destroy, mubwezereni patsamba lolowera. Masamba amkati akhale ndi header ya Cache-Control yoti no-store, kuti wobwera pambuyo akadina batani lobwerera m'mbuyo asaone zomwe mnzake amaona.