Kuchuna njinga yamoto ndi mita ya AFR, za pa Dedza si za ku Golomoti

Akuluakulu, ambirife tinaphunzira kuchuna kabuleta ndi khutu komanso poyang'ana pulagi, ikada bii ndiye kuti mafuta achuluka, ikayera mbuu achepa, ikaoneka ngati tiyi wamkaka nde zili bho. Njirayi sindikuinyoza ayi koma pulagi imangokuuza za ulendo wonse pamodzi, singakuuze kuti vuto lili pa idle (injini ikungolira usanakoke moto), pakatikati kapena ukakoka moto wonse. Mita ya AFR ndi imene imaulula zimenezo pompopompo njinga ili pamsewu.

AFR ndi kulemera kwa mpweya poyerekeza ndi petulo amene akulowa mu injini. Kuti petulo apse yense pamafunika makilo 14.7 a mpweya pa kilo imodzi ya petulo, nde mita ikalemba 14.7 ndi pamenepo. Apa ndi pomwe anthu amasokonezeka: nambala ikakwera ngati 16 mafuta achepa, amakaniko amati lean, ikatsika ngati 11 mafuta achuluka, ndiye rich. Rich imangokudyera ndalama nkudetsa pulagi, lean ndi yomwe imatenthetsa injini mpaka kuboola pisitoni.

Mita payokha sidziwa kanthu, imamvera sensa ya okosijeni yomwe imanunkhiza utsi mu ekizozi. Masensa alipo a mitundu iwiri ndipo osanamizidwa pogula. Narrowband, ija timagwetsa pa galimoto zakutha, imatulutsa pakati pa 0.1V ndi 0.9V ndipo imangodumpha pa 0.45V, kutanthauza kuti imadziwa zoti wadutsa 14.7 basi, wadutsa motalika bwanji ilibe nazo ntchito. Yochunira ndi wideband, yotchuka ndi Bosch LSU 4.9 yomwe imabwera ndi mamita ngati a AEM kapena Innovate. Ndi yodula inde, bola kusonkherana pa galaja nkugula imodzi, chifukwa mukamaliza njinga ina mumamasula nkuika pa ina.

Kuika kwake. Pitani kwa owotcherera akaboole paipi ya ekizozi nkuwotchererapo kanati ka mazinga a M18x1.5, asaike pakamwa penipeni pa injini pomwe pamafiira, komanso asaike kumapeto chifukwa njinga ya silinda imodzi imapumira mpweya wa kunja kubwerera m'paipi nde mita imanama kuti lean. Sensa iloze kuchokera pamwamba kapena cham'mbali koma yopendekera m'mwamba madigiri osachepera 10, kuti madzi a mu ekizozi asadikhe m'kati mwake. Hita ya m'kati mwa sensa imakoka magetsi ndithu, tima batire ta ma Lifo ndi ma Boxer tikakhala totopa mita imangozimazima, choncho batire ikhale yamoyo ndipo waya wa earth agwire bwino pa injini.

Chinthu chimodzi ndinachiphunzira ndi thumba langa. M'mawa wina wa Juni, kuzizira kwa pa Dedza mukukudziwa, nkhungu ili tolo mpaka phiri osaoneka, ndinayatsa mita kaye kuti sensa itenthe ine ndikumwa tiyi, kenako nkuliza njinga. Timadontho ta madzi ozizira ta m'paipi tinakawaza pa sensa yomwe inali itafika kale madigiri pafupifupi 780, kadongo ka m'kati kanang'aluka, basi mita nkumangoonetsa error. Lizani injini kaye, mita pambuyo. Zina zopha sensa ndi silikoni wamba womatira magasiketi, injini yodya oyilo, komanso kuisiya yomangidwa mu ekizozi osailumikiza ku magetsi njinga nkumayenda. Petulo wa mtovu nayenso amapha koma ameneyo anasiya kugulitsidwa mu 2006.

Musanakhudze jeti iliyonse (timabowo ta mu kabuleta todutsa petulo) tsukani air cleaner, onani mavalavu, ndipo gwirani ndi dzanja chapafupi ndi gasiketi ya ekizozi kuti mumve ngati pakupuma. Kabowo kakang'onong'ono kutsogolo kwa sensa kamalowetsa mpweya, mita imvekere 16, inu nkumangokulitsa majeti pamene njinga ikutsamwa kale ndi mafuta. Pulagi yodumphitsa moto imanamizanso chimodzimodzi, mpweya wosapsa umatuluka wonse sensa nkuona ngati lean. Njinga zina zili ndi kapaipi kothira mpweya mu ekizozi kuti utsi uchepe, katsekeni nthawi yochuna.

Kenako matani tepi pa chogwirira cha moto mulembepo kota, theka, makota atatu ndi mapeto, chifukwa kabuleta imagawa ntchito potengera mmene mwakokera moto osati liwiro. Kuyambira pa idle kufika kota ndi pilot jet ndi ka screw kake, kota mpaka makota atatu ndi singano, kuchoka apo mpaka mapeto ndi main jet. Injini itenthe bwino, choko chikhale chobwezedwa. Ine ndimayamba ndi main jet pa chitunda chachitali njinga itanyamula katundu, giya yapamwamba moto wonse, ndipo ndimafuna 12.5 mpaka 13. Maso pamsewu chonde, pa M1 pali mathiraki, mangirirani foni ijambule mita ndi dzanja lanu mudzaonere mutaima. Pakatikati pomwe kabaza amakhalitsa tsiku lonse 13.5 mpaka 14 ndi pabwino kwa injini yoziziritsidwa ndi mphepo, ndipo mumasuntha ka kilipi ka pa singano: kukatsitsa singano imakwera mafuta nkuchuluka, kukakweza mafuta amachepa. Idle ikhale cha m'ma 13 mpaka 14. Ka screw kaja kali pawiri, kakakhala mbali ya injini kukamasula kumaonjezera mafuta, kakakhala mbali ya air cleaner kukamasula kumaonjezera mpweya. Sinthani chinthu chimodzi, yendani, lembani, kenako china.

Za petulo wathu wosakaniza ndi ethanol, yemwe dziko lino linayamba kusakaniza mu 1982 ndi wa ku Dwangwa, musade nazo nkhawa kwambiri. Ethanol amafuna mpweya wochepa, 9 pa 1, koma wideband kwenikweni imayeza lambda (nambala yomwe imakhala 1 mafuta a mtundu uliwonse akamapsa onse) kenako nkuchulukitsa ndi 14.7, nde manambala ndatchulawa amagwirabe ntchito bola osasintha setting ya mafuta pa mita. Okonda lambda, moto wonse ndi 0.85 mpaka 0.88. Njinga za fuel injection nkhani yake ndi ina, kumeneko kulibe jeti, pamafunika kabokosi ngati Power Commander kapena kulowa mu ECU, kompyuta ya injini.

Tsopano nkhani yomwe yandilembetsa zonsezi. Dedza boma ili pamwamba mamita pafupifupi 1,600, nyanja ili cha pa 470, ndipo Golomoti ndi Mtakataka ali kumunsi komweko. Kuno mpweya ndi wopepuka nde njinga yochunidwa kumunsi ikakwera imakhala rich, kulemera, kudya mafuta, utsi wakuda. Imeneyo ndi yokhululuka. Yoopsa ndi yochunidwa kuno nkutsika nayo Khwekhwerere, chifukwa mpweya ukachuluka mafuta ali omwewo nambala imakwera ndi 0.5 kapena kuposerako pang'ono. Mnyamata wina wa kabaza anandikakamiza kuti ankolo finyani ndithu petulo wadula, ine nkumvera, ndinamusiyira 13.6 pa moto wonse ndipo kuno imathamanga ngati mphepo. Atatsika ndi matumba a mbatatesi mwezi wa Okutobala, pobwerera atanyamula munthu ndi nsomba, injini inayamba kulira ngati muli timisomali, kufika pamwamba pulagi ili mbuu mutu wa pisitoni utayamba kudyeka. Mlandu unali wanga.

Ndiye funsani mwini njinga kumene amayenda. Wa Bembeke, Lizulu, Tsangano amene satsika, muchunireni za kuno. Wotsika kunyanja kawirikawiri msiyireni cha m'ma 12.3 mpaka 12.5 pa moto wonse muli kuno, ndipo ngati nkotheka tsikani nayo limodzi mita ili pompo muone nokha nambala ikukwera pamene mukutsetsereka. Mukamaliza masulani sensa paipi itazizira, tsekani kanati kaja ndi bawuti wake, sensayo muikulunge pouma kudikira njinga ina.