Momwe mungajambulire madiramu kunyumba ndi maiki anayi okha

Ambiri ojambula nyimbo m'makomomu amangopanga madiramu pa pulogalamu ya pakompyuta ya FL Studio poganiza kuti enieni amafuna maiki khumi ndi situdiyo yodula. Ine ndimajambula ndi anayi, m'chipinda chomwe kale tinkasungiramo chimanga.

Yambani ndi chipindacho. Simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu, ndiye yalani kapeti pansi pa madiramu, imikani matiresi m'makona, mabulangete pakhoma. Mathireyi a mazira musataye nawo nthawi, phokoso lifikabe kwa aneba. Ngati denga ndi la malata lopanda siling'i, nyengo ya mvula ingopumani.

Mufunika interface (kabokosi kolumikiza maiki ku kompyuta) yolowa maiki anayi, monga Behringer UMC404HD, maiki awiri ofanana otchedwa ma condenser (amene amatola ngakhale timawu tating'ono), ndi maiki awiri otchedwa ma dynamic (opirira phokoso lalikulu), ina ya snare (ng'oma yaing'ono yolira mokuwa) ina ya kick (ng'oma yaikulu yomenya ndi phazi). Ma condenser sagwira popanda kuyatsa batani la 48V pa interface, lomwe limawapatsa magetsi. Pa snare ambiri amakonda maiki ya Shure SM57, koma samalani, zabodza zadzadza. Ndinagulapo ina kwa mnyamata wina amene ankati yangofika kumene kuchokera ku Joni, mtengo wake theka. Inali yopepuka ngati tochi. Yeniyeni imalemera magalamu 284, choncho nyamulani kasikelo ka kukhitchini popita kokagula. Wogulitsa akayamba kukwiya, mwadziwa kale.

Kungani zikopa, ponyani pilo m'kati mwa kick, ndipo snare ikamalira kwambiri ikanipo chikwama cha ndalama m'mphepete.

Kayikidwe ka maiki ndimatsata ka Glyn Johns, katswiri wa ku England amene anajambula chimbale choyamba cha Led Zeppelin chomwe chinatuluka mu 1969. Condenser yoyamba ikhale pamwamba pa snare, pafupifupi mita imodzi, italoza pansi. Yachiwiri ikhale pambali pa floor tom (ng'oma yoima pansi ndi miyendo yake), m'mwamba pang'ono, italoza ku snare ndi hi-hat (timbale tiwiri tachitsulo totsekedwa ndi phazi). Mtunda wochokera pakati pa snare kufika pa maiki iliyonse mwa awiriwa ukhale wofanana ndendende.

Apa mpamene ndinapsa. Tsiku lina Loweruka kunabwera gulu la achinyamata a kutchalitchi, nyimbo zisanu ndi imodzi. Ndinali pachangu, maiki ndinangoyeza ndi maso. M'mahedifoni zinkamveka bwino ndithu, tinajambula mpaka dzuwa kulowa, woyimba madiramu manja atatupa. M'mawa mwake nditaseweretsa pa kasipika kamodzi ka Bluetooth, snare inkamveka ngati munthu akumenya katoni m'kati mwa paipi. Ndinakweza, ndinapotokola EQ (chokweza kapena kutsitsa mabesi ndi mawu akuthwa), ndinaika compressor (chosalaza kukwera ndi kutsika kwa mawu), koma ayi ndithu. Mwamwayi masitandi anali asanasunthidwe. Nditayeza ndi tepi ya telala ya mayi a kunyumba, maiki imodzi inali kutali kuposa inzake ndi masentimita pafupifupi 30.

Chimachitika n'chakuti mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Kusiyana kwa masentimita 30 kumachititsa kuti snare ifike pa maiki imodzi mochedwerapo ndi pafupifupi milisekondi imodzi. Ndi kanthawi kochepetsetsa, komabe mukaphatikiza maiki awiriwo mawu ena amafafanizana. Ndiyo phase imene mumamva akatswiri akudandaula nayo. M'mahedifoni zimabisika chifukwa khutu lililonse limamva maiki yake. Pa foni ndi tisipika tating'ono, pomwe anthu ambiri adzamvere nyimbo yanu, zimaonekera poyera. Ndinayesa kukankha track (mawu a maiki imodzi) pa kompyuta kuti ifanane nthawi ndi inzake, snare n'kubwerera, koma ma tom n'kuyamba kumveka modabwitsa. Mapeto ake ndinawaitananso anyamatawo, ndalama ya minibasi n'kulipira ndekha.

Tsopano ndimachita chonchi: ndimatenga chingwe, woyimba amagwira nsonga imodzi pakatikati pa snare, ine n'kukoka mpaka pa maiki yam'mwamba, kutsina pamenepo, kenako kuzungulira nacho osasiya kutsina mpaka pa maiki yam'mbali. Ikapanda kukhudza chala, ndimasuntha sitandi. Woyimba akagunda sitandi podzuka, ndimayezanso. Kenako ndimajambula masekondi 20, kumvera mu mono (maiki onse ataphatikizidwa ngati pa sipika imodzi), n'kudina kabatani ka mu pulogalamu kotembenuza polarity (kamene kamagadabuza mafunde a mawu) pa maiki ya snare ndi ya kick. Mbali imene ikumveka yonenepa ndiyo yolondola.

Maiki ya snare ikhale zala zitatu pamwamba pa mkombero, ya kick pabowo lakutsogolo. Jambulani pa 24-bit, 48 kHz, gain (mphamvu yolowera mawu a maiki) muitchere kuti mawu azifika cha m'ma -12 dB basi, poti oyimba amamenya mwaulemu poyeserera koma nyimbo ikayamba amalusa. Pulogalamu ndimagwiritsa Reaper: masiku 60 oyamba ndi aulere, laisensi yake madola 60. Zimitsani firiji kuti phokoso lake lisalowe m'maiki, tchajani laputopu, ndipo sevani nyimbo iliyonse ikangotha magetsi asanakuchiteni chipongwe.

Posakaniza, maiki yam'mwamba ipite pang'ono mbali imodzi, yam'mbali mbali inayo, kick ndi snare pakati. Dulani mabesi osafunika pa ma condenser, ka reverb (kamvekedwe ngati ka m'holo) pang'ono pa snare. Zotsalazo makutu anu akuuzani.