Kayambidwe ka thumba lothandizira ntchito za anthu akuda konkuno ku Joni

Ife Amalawi a ku Joni pa nkhani ya maliro sitigona ayi. Munthu akatisiya ku Yeoville kaya ku Rosettenville, tsiku lisanathe gulupu ya pa WhatsApp yatsegulidwa kale, wina R50 wina R200, mpaka thupi lidutse pa Beitbridge kukafika ku Mangochi kapena ku Mzimba. Luso losonkha tili nalo ndithu. Chomwe ine chimandiwawa nchoti amoyo sitiwasonkhera choncho. Mayi amene akusunga ana m'kashaki ku Diepsloot makolo awo ali ku mapisiwoko, anyamata ophunzitsa ana masamu Loweruka ku Alexandra, azimayi ophikira okalamba ku Orange Farm, onsewa ndi anthu akuda anzathu amene anayamba okha, ndipo ndalama za mabungwe akuluakulu kawirikawiri zimawadumpha poti alibe ofesi, alibe wowalembera mapulopozo achizungu chozama. Ndiye thumba lake tiyambe ifeyo.

Poyamba musaitane chigulu. Anthu 10 kapena 15 odziwana bwino, a kutchalitchi, kumzikiti kaya a flati imodzi, akwana. Gwirizanani ndalama yoti aliyense angakwanitse ngakhale mwezi wovuta, osati yodzionetsera. Anthu 15 akamaponya R100 pamwezi ndi R1,500, pa chaka R18,000, ndipo ndalama imeneyo pa kakireshi ka m'lokeshoni imasintha zinthu. Koma nenani poyera tsiku loyamba lomwelo kuti ichi si chipereganyu komanso si banki mkhonde, palibe kugawana pa Disembala, palibe kubwerekana, ndalama ikalowa yapita kukathandiza basi. Magulu ambiri amapasukira pomwepa chifukwa wina ankaganiza kuti tsiku lina idzamubwerera.

Malamulo lembani, ngakhale masamba awiri okha. Tcheya ndani, mlembi ndani, msungichuma ndani, mukumana liti, wolephera kusonkha miyezi itatu mutani naye. Ndipo chonde abale anga, ndalama isagone mu akaunti ya munthu mmodzi, olo akhale abusa kapena shehe. Sikuti tikuwaganizira zakuba, koma lendi ikavuta kapena kumudzi kukagwa matenda munthu amati ndingobwerekako ndibweza pa monthendi, mapeto ake ubale watha. Kuno stokvel, gulu la anthu osonkherana ndalama, ndi chinthu chodziwika, bungwe lawo la NASASA linayamba mu 1988, ndipo mabanki ngati FNB, Nedbank, Absa ndi Standard Bank ali ndi maakaunti a magulu otere. Osayinira akhale atatu. Banki idzafuna pasipoti yokhala ndi pemiti yomwe sinathe ntchito komanso umboni wa komwe mukukhala chifukwa cha lamulo la FICA lofuna kuti mabanki aziwadziwa bwino makasitomala awo, ndiye osayinira sankhani amene mapepala awo ali bwino, enawo kusonkha ndi kuvota palibe choletsa.

Pamene pali ntchito yeniyeni mpakusankha woti mumuthandize. Musasankhire pa Facebook. Kwerani taxi mupite komweko tsiku wamba osati tsiku la mwambo, mukaone ngati anawo alipodi, mphika uli pamoto kapena ayi, mucheze ndi oyandikana nawo poti iwo ndi amene amadziwa zoona zake. Funsani kuti ntchitoyi inayamba liti, akuyendetsa ndani, kodi amakhala m'dera lomwelo. Ine ndimakonda amene anayamba kale ndi ndalama ya m'thumba mwake kusiyana ndi amene akudikira thandizo kuti ayambe. Ngati akuti ndi olembetsedwa apempheni nambala ya NPO (bungwe losagwirira phindu), imapezeka m'kaundula wa Department of Social Development, koma musamutaye munthu chifukwa choti alibe nambala, ambiri ogwira ntchito yotamandika sanalembetse ndipo mwina thandizo lanu loyamba lingakhale lomwelo, kukhala naye pansi nkudzaza mafomu, kulembetsa kwake nkwaulere.

China, musayang'ane Amalawi okhaokha. Kireshi ya ku Diepsloot mumakhala mwana wa Mzulu, wa Mshona, wa ku Mozambique ndi wathu yemwe, onse mbale imodzi. Tonse tikukumbuka ziwawa zochitira alendo ochokera kunja zimene zinayambira ku Alexandra mu May 2008, ndipo ine ndimakhulupirira kuti ndi bwino anthu a m'dera azitidziwa nkhope ngati anansi amene timasenza nawo mavuto a pamalopo.

Mukasankha, funsani eni ake chomwe akusowa ndipo mumvere. Apa ndi pomwe opereka ambiri timalakwitsa, timafika ndi mabulangete ndi zidole poti zimaoneka bwino pa chithunzi pamene mayi uja chikumusowetsa tulo ndi gasi, magetsi a prepaid, lendi ndi kangachepe ka mtsikana womuthandiza kusamala ana. Mpatseni ndalamayo agule yekha, iye ndi amene amadziwa komwe ufa ukutchipa. Inu pemphani malisiti ndi kauthenga kachidule pakutha pa mwezi, zokwanira. Ndipo kuli bwino R1,000 mwezi ndi mwezi kwa chaka chathunthu kusiyana ndi chimulu cha katundu pa Mandela Day, 18 July, kenako zii mpaka chaka chamawa. Zojambula ana a eni nkumaponya pa sitetasi popanda chilolezo cha makolo, zimenezo ayi.

Pa ndalama iliyonse yolowa patulani pang'ono ya zadzidzidzi. Moto wa m'mashaki ndi m'nyumba zakale za mtauni muno sutichenjeza, wa mu nyumba ya Usindiso ku Marshalltown pa 31 August 2023 unapha anthu 76, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo opulumuka anatsala ndi zovala za m'thupi zokha. Tsiku ngati limenelo gulu lokhala ndi kenakake kale mu akaunti limafika msanga kuposa loyamba kumene kulemba maina.

Sitetimenti ya ku banki iziponyedwa pa gulupu mwezi uliwonse aliyense aione, osadikira kuti wina afunse. Thumba likakula mpaka mabwana a kuntchito kwanu ayamba kufuna kuponyamo, mpamene mungalembetse ngati NPO pansi pa lamulo la 1997, kapena ngati NPC (kampani yosagwirira phindu) ku CIPC, ofesi yolembetsa makampani, komwe amafuna madayilekita osachepera atatu. Dziwani kuti mukalembetsa NPO malipoti a ntchito ndi a ndalama amafunika chaka chilichonse pasanathe miyezi 9 chaka chanu cha ndalama chitatha, apo ayi angakufufuteni m'kaundula. Makampani ambiri adzakufunsani lisiti ya Section 18A yoti achotsere msonkho, imeneyo simungapereke pokhapokha SARS, nthambi yotolera misonkho, itakuvomerezani kaye, ndiye musalonjeze bwana aliyense pepala limeneli musanalandire kalata yawo.