Malangizo a makina a magemu ogwirira m'manja: nkhokwe ya magemu ndi kutentha

Malangizo awa ndawalembera kuno ku Zomba, nditapemphedwa ndi wamalonda wina wa ku Chipata amene makasitomala ake amabweza makina ati awonongeka, pomwe angotentha. Akukhudza timakompyuta ta magemu togwirira m'manja monga Steam Deck ya Valve, ROG Ally ya ASUS ndi Legion Go ya Lenovo. Za kuyatsa, kutchaja ndi kulumikiza Wi-Fi sindichedwapo, aliyense amene ali ndi foni amazidziwa.

Gwiritsani ntchito makina pamalo pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 0 ndi 35. Musatseke mabowo olowetsa ndi otulutsa mpweya. Musasiye makina padzuwa kapena m'galimoto yotseka. Malire amenewa ndi amene Valve inaika pa Steam Deck, ndipo ndawasiya momwe alili. Koma muganizire kwanu. Mwezi wa Okutobala, kaya kuno kumunsi kwa phiri cha ku Nyanja ya Chilwa, kaya kwanuko cha ku chigwa cha Luangwa, m'nyumba ya malata masana kutentha kumadutsa 35 osafunsa munthu. Nthawi yotero makina anu amayamba ntchito atatopa kale.

Mawu a Chingerezi amene andizunguza kwambiri pomasulira ndi throttling. Ena amati “kutsamwa”, koma kutsamwa kumamveka ngati ngozi, pamene ichi makina amachita dala. Ine ndasankha kunena kuti makina akudzibweza liwiro. Taonani wakabaza akafika pachitunda dzuwa lili paliwombo: satsika panjinga msanga, amangochepetsa kapalasidwe kuti mtima usaphulike. Purosesa, ubongo wa makinawa, nayo imatero. Mu 2022 a Valve analengeza kuti purosesa ya Steam Deck ikafika madigiri 100 imayamba kudzibweza, ndipo ikafika 105 makina amazima okha. Choncho gemu ikayamba kudukiza fani ili kulira mwamphamvu, musathamangire kwa wokonza. Imitsani gemu, ikani makina patebulo pamthunzi, mudikire mphindi zingapo.

Ndinazionera pafupi kwa mphwanga wina wa ku Matawale. Ankasewera chogona, makina atawasanjika pabulangete, chifukwa manja amatopa. Mpweya wozizira umalowera kumbuyo kwa makina, wotentha nkutulukira pamwamba, ndiye bulangetelo linali litamata polowera ponse. Nditawanyamula, pulasitiki yakumbuyo inali yofunda ngati mbale ya nsima yongopakulidwa kumene, ndipo patimabowo panali ubweya wa bulangete wopiringizika. Makina analibe vuto lililonse. Pabedi, pakhushoni kapena pamwendo mutafunda chitenje si malo ake.

Pali mawu ena a zilembo zitatu, TDP, amene ndawasiya osamasulira. Muwamve motere: ndi mlingo wa magetsi, kapena kuti malaiti monga mumanenera kwanuko, amene mwailola purosesa kudya, ndipo amawerengedwa m'mawati. Wati iliyonse imene yadyedwa imasanduka kutentha koyenera kutulutsidwa. Purosesa ya Steam Deck imadya kuyambira mawati 4 mpaka 15. ROG Ally ili ndi masitepe atatu: Silent pa mawati 10, Performance pa 15, ndi Turbo pa 25, amene amakwera kufika 30 mukalumikiza chaja. Makina awiriwa poyamba anatuluka ndi batire ya 40 Wh, kutanthauza yopereka mawati 40 kwa ola limodzi, ndiye masamu ake ngosavuta: mukamadya mawati 25, batire siifika maola awiri. Malangizo a kampani amangotchula masitepewa osakuuzani loti musankhe. Ine ndikuti masana a chilimwe khalani pa 15 kapena kutsika, ndipo muike malire a zithunzi pa 30 kapena 40 pa sekondi. Pasikirini yaying'ono chonchi diso silidandaula kwenikweni, koma fani imapuma ndipo batire imakufikitsani patali malaiti akapita.

Tsopano za kusunga. Anthu ambiri amasokoneza storage ndi memory chifukwa zonse timangoti “memore”. Storage ndi nkhokwe, mosungira magemu onse ngakhale makina atazima. Memory, imene imatchedwa RAM, ndi lichero: mumangokhala zimene mukupeta panthawiyo. Makina atatu ndatchulawa anayamba ndi lichero la 16 GB lomatiriridwa mkati, silisinthika. Chimene mungakuze ndi nkhokwe basi.

Steam Deck itatuluka mu Febuluwale 2022 inali ya mitundu itatu, 64 GB, 256 GB ndi 512 GB. Ya 64 GB ija imapezekabe kwa ogulitsa zakale pamtengo wokopa, koma dziwani kuti magemu ena akuluakulu amaposa 100 GB imodzi yokha. Komanso makina amasunga mkati mafayilo othandizira zithunzi otchedwa shader cache, ngakhale gemu yeniyeniyo mutaiika pakhadi, motero nkhokwe yaying'ono imadzaza mwakachetechete.

Njira yosavuta ndi khadi ya microSD. Lowetsani khadi mpaka imveke kuti yagwira. Ifomateni kudzera m'makina omwewo. Musaitulutse gemu ili mkati. Liwiro la khadi pa Steam Deck limathera cha pa 100 MB pa sekondi, pamene SSD, nkhokwe yamkati mwa makina, imathamanga kuposa apo maulendo ambiri. Komabe pamagemu ambiri kusiyanako mumangokuona podikira kuti gemu itseguke. Sankhani khadi yolembedwa A2. Chenjezo langa ndi la makhadi abodza. Ndinagulapo ina pamsika yolembedwa 512 GB pamtengo wotsika modabwitsa. Inalandira mafayilo bwinobwino, koma itadutsa pang'ono chabe, zonse zoikidwa pambuyo zinakana kutseguka. Mtengo ukatsika kwambiri, bwererani. Ndipo khadi yeniyeni ya 1 TB ikaonetsa pafupifupi 931 GB musadandaule, ndi kawerengedwe chabe, sanakubereni.

Apa ndi pamene nkhani ya nkhokwe imakumana ndi ya kutentha. Pa ROG Ally yoyamba, polowetsa khadi panaikidwa pafupi ndi potulukira mpweya wotentha, ndipo mu 2023 a ASUS anavomera kuti kutentha kukakula chowerengera khadicho chikhoza kulephera. Anatulutsa pulogalamu yokweza liwiro la fani, ndipo pa ROG Ally X ya 2024 anasuntha malowo. Ngati muli ndi yoyambayo, landirani mapulogalamu atsopano onse, pirirani phokoso la fani, ndipo magemu olemera a pa Turbo muziwaika mkati. Pakhadi pazikhala magemu opepuka ndi zinthu zimene simungalire zitatayika.

Amene akufuna kusintha SSD awerenge ndime ino kawiri. Manambala a SSD ndi muyeso: 2230 ndiye kuti mamilimita 22 m'lifupi ndi 30 m'litali. Steam Deck ndi ROG Ally yoyamba zimalandira 2230, Legion Go imalandira 2242, ndipo ROG Ally X imalandira 2280, yofanana ndi ya m'malaputopu ambiri. Anthu amakopeka kukakamiza yaitali chifukwa imapezeka msanga ndiponso kawirikawiri imatsikirapo mtengo. Mu Juni 2022 Lawrence Yang wa ku Valve anachenjeza poyera kuti anthu asaike 2242 mu Steam Deck: pafupi pomwepo pali kachipangizo koyendetsa tchaji kamene kamatentha kwambiri, timapadi tofewa tochotsa kutentha sitiyenera kusunthidwa, ndipo SSD zazitalizo zambiri zimadya magetsi ochuluka. Timapadi timeneti, thermal pad, timaoneka ngati kachidutswa ka labala kopanda ntchito, ndipo wokonza wosadziwa amatha kukataya. Ndi mlatho wodutsira kutentha kuchoka pachipangizo kupita pachitsulo. Kakachoka, makina amayaka ndithu lero, koma akupsa pang'onopang'ono mkati.

Musanatsegule makina, tsitsani batire pansi pa 25 peresenti. Zimitsani makina kwathunthu. Tulutsani khadi ya microSD. Chotsani chingwe cha batire musanakhudze SSD. Pa zonsezi chimene anthu amaiwala ndi khadi, ndipo chivundikiro chikamatseguka chimaithyola pakati ngati bisiketi. SSD ya mu Steam Deck imavala kachikwama konyezimira. Kavuleni mosamala, muveke yatsopanoyo. Ngati makina akadali pa waranti, funsani kaye amene anakugulitsani.

Kukopera gemu yaikulu kumatenthetsa SSD kuposa kusewera kumene, makamaka makina ali patchaji. Chitani zimenezi usiku kukazizira, makina ali chiimire patebulo, mutachotsa chikwama chakunja cha makinawo. Pawabanki yoti muzidalira malaiti akapita ikhale yotha kupereka mawati 45 kudzera pa USB-C ngati muli ndi Steam Deck. Ya foni wamba imangochedwetsa kutha kwa batire.

Fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala limalowa paliponse. Kamodzi pamwezi zimitsani makina, mupukute timabowo ndi kaburashi kofewa kouma, monga mswachi wakale. Musapemerere ndi pakamwa chifukwa mpweya wa m'kamwa uli ndi chinyezi, ndipo musapope ndi pampu ya matayala, imazunguza fani mopitirira mpaka kuiwononga.