Kachipinda ka kuseri ku Joni: yezani kaye musanagule bedi

Ambiri mwa ife tikafika ku South Africa timayambira kuseri, m'kachipinda kamene landilodi anamanga kumbuyo kwa nyumba yake. N'kofanana ndi boyizikota za ku Area 25 kapena ku Chilomoni, kungoti kuno kamachepa kwambiri. Ku Tembisa, Diepsloot ndi Cosmo City, madera ozungulira Johannesburg, amati backroom. Ku Cape Town mupezanso tinyumba tamatabwa totchedwa Wendy house, tambiri ta mamita atatu uku ndi uku. M'menemo ndiye mogona, mophikira, molandirira alendo ndiponso mosungira katundu wopita kumudzi. Zonsezi zimakwana ndithu, bola chinthu choyamba kugula chikhale tepi yoyezera.

Ine ndinaphunzira nditataya ndalama. Mwezi wanga wachiwiri ndinaona wadirobu pa intaneti, ya zitseko zitatu, galasi pakati. Ndinalipira, ndinalipiranso galimoto yonyamula. Kufika nayo, inakana kukhota pakanjira ka pakati pa nyumba ya landilodi ndi mpanda. Tinaimasula, koma matabwa ake anali a utuchi aja, zomangira sizinagwirenso. Inathera panja mpaka mvula inaifufumitsa ngati mandasi. Choncho poyeza musaiwale kanjira kolowera kuseri ndi khomo lenilenilo, lomwe nthawi zambiri limakhala la masentimita pafupifupi 80.

Bedi ndiye mwini chipinda, zina zonse zimatsatira iye. Kuno bedi ya double ndi masentimita 137 mulifupi ndi 188 mulitali, ya three-quarter ndi 107, ya single ndi 91. M'chipinda cha masentimita 300, double ikakhala pakona imakusiyirani 163, ndipo pamenepo chitseko chikamatsegukira mkati chimadyapo theka. Ngati muli nokha, achimwene, three-quarter ikukwanirani, ndipo malo otsalawo ndi amene mudzaikepo tebulo lophikira. Ndaonapo anyamata akugula queen, bedi yaikulu kuposa double, pofuna kuoneka bwino pa chithunzi chotumiza kumudzi, kenako n'kumaphikira nsima atakhala pamatiresi pomwepo. Ikani bedi pakona yakutali ndi khomo, musiye mpata wa dzanja limodzi pakati pa matiresi ndi khoma. Kenako ikwezeni pa njerwa kapena pa mapaleti. Pansi pa bedi ndiye sitolo yanu: masutikesi, mabulangete a nyengo yozizira, ndi zikwama zamizeremizere zija zomwe zikudikira wa thiransipoti wopita ku Lilongwe kapena ku Mangochi.

Matiresi akale samalani nawo. Tebulo, mpando kapena firiji mutha kugula kwa munthu, koma matiresi a munthu wina amabwera ndi nsikidzi, ndipo zikalowa m'ming'alu ya Wendy house kuzichotsa ndi ntchito ya miyezi. Ngati palibe kuchitira mwina, funyululani m'mphepete mosokedwa muja muone ngati muli timadontho takuda.

Pophikira pakhale pafupi ndi zenera kapena khomo kuti nthunzi ndi fungo la usipa zizituluka. Katebulo kamodzi kolimba n'kokwanira: pamwamba sitovu, pansi ndowa ya madzi ndi chidebe chotseka bwino cha ufa, poti thumba losiyidwa pansi limaitana makoswe ndi mphemvu. Mbale ndi mapoto zikwere kukhoma pa mashelefu awiri. Koma musanabowole khoma, pemphani eni nyumba, chifukwa mabowo amenewo ena amadzawadula pa dipoziti tsiku losamuka. Zovala nazo sizifuna wadirobu. Chitsulo chimodzi chopachikira mahang'ala, nsalu yotchinga kutsogolo, basi. Chitenje chabwino chimagwira ntchito imeneyi, ndipo chimodzimodzinso mukafuna kugawa chipinda pawiri, mbali yogona ndi mbali yochezera, makamaka pamene mlamu wangofika kumene ndipo akugona pansi kudikira ganyu.

Nkhani ya magetsi ndi imene ndikufuna muimvetsetse. Tizipinda tambiri ta kuseri timalandira magetsi kudzera pa waya mmodzi wochokera m'nyumba yaikulu. Soketi ya kuno, ya mano atatu ozungulira ija, imanyamula mawati pafupifupi 3,600. Ketulo yokha imadya cha m'ma 2,000, sitovu ya mbale ziwiri chimodzimodzi. Mukayatsa ziwirizi pamodzi, n'kuonjezapo hita kapena ayironi, mwina magetsi azima kwa landilodi n'kuyambana naye, mwina waya uyamba kutentha mwakachetechete. Ndiye pokonza chipinda onani kaye pamene pali soketi, tebulo lophikira lipite pamenepo. Waya usadutse pansi pa kapeti kapena kuseri kwa matiresi, ndipo mukaugwira n'kumva kufunda, zimitsani chinthu chimodzi. Amene anali ku Hout Bay, ku Cape Town, mu Marichi 2017 akukumbukira moto wa m'dera la tinyumba tothinana la Imizamo Yethu, umene unasiya anthu masauzande opanda pogona. Pamene tinyumba tathinana, moto wa munthu mmodzi ndi wa aliyense. N'chifukwa chake njira ya kuchokera pabedi kukafika pakhomo izikhala yopanda kanthu, yoti mutha kuidutsa mumdima, ndipo kiyi wa geti lachitsulo azikhala pamsomali umodzi wodziwika kwa onse a m'nyumbamo.

Juni ndi Julayi ku Johannesburg kumazizira koposa ku Dedza, ndipo mtima umafuna kulowetsa mbaula n'kutseka paliponse. Musayerekeze. Makala amatulutsa mpweya wopanda fungo umene umapha munthu ali m'tulo. Hita ya gasi kapena ya palafini nayonso imafuna zenera lotsegula pang'ono, ndipo izizimitsidwa musanagone. Kapeti wakale pansi, katani yokhuthala pazenera ndi chiguduli chotseka mpata wa pansi pa chitseko zimathandiza kwambiri popanda ngozi. Ku Cape Town vuto la miyezi imeneyi ndi mvula ndi chinyontho. Makoma amachita chuku, nsapato m'sutikesi zimabiriwira, ndiye chilichonse chikhale pamwamba pa njerwa, ndipo dzuwa likatuluka tsegulani zonse.

Pomaliza kugula, dzifunseni ngati chinthucho chingalowe m'kagalimoto kamodzi tsiku limene lendi yakwera ndipo mukusamuka. Mipando iwiri yapulasitiki yosanjikizana, tebulo lopinda ndi firiji yaying'ono zimasamuka mosavuta. Firiji yaikulu ndi sofa zimene mukulota zija mudzagule sabata imene wa thiransipoti akunyamuka, zichoke m'sitolo n'kulunjika pa thileyala. Muikemonso ma adaputala angapo, poti soketi za ku Malawi ndi za mano a makona anayi, ndipo pulagi ya kuno siilowa.